Za Tulo ta Odwala Nthenda za Mgonagona

Mau olalikidwa kwa Akristu a ku Mulanje. Muyambe mwawerenga Marko 4:35-41.



Pali nthenda zina zimene zifika ngati mlendo, zigona masiku atatu kapena anai, ndipo zitsazika. Chimfine chiri chotero. Koma pali zinanso zimene zifika ndi akatundu ao onse, nizimanga nyumba m'thupi la munthu: shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu, nyamakazi, nthenda ya mtima, khansa, ndi kachirombo ka HIV. Izi tizitcha nthenda za mgonagona. Ndipo dzina limeneli lindidabwitsa ine, pakuti pa maulendo anga ochezera odwala, kuyambira ku Chisitu kufikira ku Likhubula, dandaulo limene ndilimva koposa onse ndi lakuti, Sindigona. Munthu wa mgonagona akhala pa mphasa usana ndi usiku, koma tulo sationa.

M'mwezi wa June, chiperoni chiri kugwa ndi phiri lonse litabisika m'nkhungu, ndinalowa m'nyumba ya mai wina wokalamba, Mkristu wa zaka zambiri, wodwala mtima, miyendo yache yotupa. Titatha kulonjerana anati kwa ine, Aphunzitsi, ndifunse kanthu. Dzana anafika anthu pano, napemphera nane, nati, Anganga, mukadakhala nacho chikhulupiriro mukadagona ngati khanda; kusowa tulo kwanuku ndiko kukayika, kapena pali munthu akukuyenderani usiku. Tsono ine ndigona ndi mantha awiri, a nthenda ndi a Mulungu. Kodi wanditaya? Anatero maiyo, ndipo chifukwa cha funso lache ndiima pamaso panu lero.

Tiyeni tilowe m'ngalawa muja. Ambiri polalikira nkhani iyi athamangira ku mphepo ndi mafunde, ndi ku mphamvu imene inaziletsa; ndipo achita bwino. Koma ine ndifuna kuima pa kanthu kakang'ono kamene Marko yekha anakalemba, Mateyu ndi Luka osakatchula, ndiko mtsamiro. Ambuye wathu anali ataphunzitsa khamu la anthu tsiku lonse, thupi lache linalema, ndipo anafuna malo, nafuna potsamiritsa mutu. Iye amene analenga usiku sanachita manyazi kulikonzera thupi pogona pache.

Koma musafulumire kunena kuti, Taonani, wokhulupirira agona. Pakuti Ambuye yemweyo sanagona usiku wa ku Getsemane. Ogona anali ophunzira, ndipo ndani wa ife adzanena kuti usiku uja chikhulupiriro cha Petro chinaposa cha Mbuye wache? Yobu, munthu wolungama, asimba m'chaputala 7 za usiku wache wautali, umo anakunkhulira pa zilonda zache kufikira kucha. Paulo, powerenga masautso amene anawamva chifukwa cha Uthenga, awerengera pamodzi ndi kusowa tulo. Ndipo mbali inayo pali Yona, amene anagona tulo tofa nato m'chombo, ali kuthawa Mulungu. Chotero tulo si muyeso wa chikhulupiriro ai. Ndipo iye amene auza wodwala kuti kusagona kwache ndi chimo, wamsenzetsa katundu wachiwiri pamwamba pa woyamba.

Onaninso umo Mulungu anachitira ndi Eliya, pamene anathawira ku chipululu, mtima wache utasweka, nakhumba kufa. Sanamdzudzula tsiku lomwelo. Anamleka agone, namdyetsa, namleka agonenso. Mau aja anadza pambuyo, ku Horebu. Ngati Mwini thupi anayamba ndi thupi, ife tisayese kanthu kachabe kuphunzira njira zoligoneka.

Tisanafike ku njirazo, tizule munga. Pakuti munthu wobayidwa ndi munga ku phazi simumphunzitsa mayendedwe abwino munga uli momwemo. Nthenda iri yonse iri ndi munga wache wa usiku. Wa shuga adzuka kawiri kawiri kukataya madzi, ndipo mapazi amuotcha. Ichi kambiri chisonyeza kuti shuga wakwera m'magazi, ndipo mankhwala ache ayenera kuonedwanso ku chipatala. Koma akadzuka ali thukuta, akunjenjemera, ndi njala yaikuru, kapena shuga watsika kopitirira. Adye kanthu kotsekemera msanga, ndipo akauze adotolo. Wa mtima, monga mai uja, abanika akagona chagada, popeza madzi asonkhana m'mapapo. Mumuikire zotsamira, agone chokhala, ndipo mankhwala ache okodzetsa amwe m'mawa, osati madzulo, akapanda kulamula mwina adotolo. Wa mphumu atsokomola koposa mbanda kucha, ndipo utsi wa nkhuni ndi pfumbi la m'zopfunda ndiwo adani ache. Wotsokomola masabata awiri ndi kutuluka thukuta usiku akayezetse chifuwa chachikuru, pakuti chimenecho chichiritsika. Ndipo m'nyengo ino yozizira ndikupemphani, musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Makala atulutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha, umene ugoneka munthu tulo tosadzuka nato.

Kwa abale athu akumwa ma ARV ndinena ichi. Mankhwala amenewa anayamba kuperekedwa kwaulere m'dziko lathu m'chaka cha 2004, ndipo ambiri amene tikadawaika kale m'manda ali pakati pathu lero, akulima ndi kuyimba. Patapita zaka, ambiri ankamwa mbulu wokhala ndi efavirenz, umene unadzetsa chizungulire ndi maloto oopsa. Ndipo ena anayesa malotowo ufiti, nayamba kukayikira abale ao. M'chaka cha 2019 ambiri anasinthidwira ku mbulu wokhala ndi dolutegravir. Uwu ulotetsa pang'ono, koma kwa ena uchotsa tulo, makamaka akaumwa usiku. Chifukwa chache kambiri alangiza kuumwa m'mawa. Musaleke kumwa tsiku ndi limodzi lomwe. Pitani mukafunse za ora loyenera.

Munga waukuru koposa ndiwo ululu. Alipo Akristu amene ayesa kuti kupirira ululu osanena ndiko kulemekeza Mulungu. Ine sinditero. Ku chipatala cha Mulanje Mission kuli anthu a nchito yotonthoza odwala nthenda zosachiritsika, monganso ku Tiyanjane, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ndipo pa ululu waukuru, monga wa khansa, apatsa mofini wakumwa. Ameneyu akamwedwa pa maora ache, monga alamulira adotolo, sali njira yofulumizira imfa monga ena anong'onezana; ali njira yakuti munthu agone, adye, nalankhule ndi ana ache.

Tsono ndinene za tiyi, ngakhale ndidziwa kuti ndiponda pa munda wa eni. Chiyambire Henry Brown anabzala tiyi kuno ku Mulanje m'chaka cha 1891, mbeu zache zochokera ku mishoni ya Blantyre, ife takhala anthu a tiyi. Tithyola tiyi, tilipidwa ndi tiyi, ndipo mlendo wosalandira tiyi ayesa kuti tamda. Koma m'tsambamo muli kafeini, chinthu chogalamutsa ubongo; ndipo atapita maora ngati 5, theka lache likali m'magazi. Wodwala akamwa tiyi wakuda dzuwa litapendeka, ndi winanso pofika alendo madzulo, pakati pa usiku maso ali gwa, ndipo adabwa. Tiyi amwe m'mawa. Khofi ndi zakumwa zina za m'mabotolo ziri chimodzimodzi. Za kachasu sindichulukitsa mau: agwetsa munthu msanga, namdzutsa usiku ukali pakati, mtima ukugunda. Ndipo mibulu yogonetsa, monga Valium, imene ena agula mobisa kwa ogulitsa opanda chilolezo, thupi liizolowera, nilifuna yambiri. Okalamba agwa nayo usiku, nathyoka. Amene waimwa nthawi yaitali asaileke mwadzidzidzi, koma apite kwa adotolo amtsitsire pang'ono pang'ono.

Minga yonseyi itazulidwa, kambiri tulo tikanabe. Chifukwa ninji? Chifukwa thupi lazolowera kudikira. Munthu amene wagona ndi ululu miyezi yambiri, pongoona mphasa mtima uyamba kuthamanga, mapewa akwera, nsagwada ziuma, ndipo ayamba kudzilamula kuti, Lero ndigone, lero ndigone ndithu. Amai, mudziwa inu umo ichitira nkhuku madzulo. Mukaithamangitsa kuti ilowe m'khola, izungulira nyumba, ikwera pa nkhokwe, ndipo nonse mulema. Koma mukatsekula khomo la khola ndi kukhala pansi, ilowa yokha. Tulo tiri totero. Palibe munthu anagonapo ndi mphamvu. Nchito yathu ndi kutsekula khomo lokha, ndipo makomo ndiwadziwa atatu.

Loyamba ndi mpweya. M'chinenero chathu mau amodzi, kupuma, tinena nao za mpweya ndi za kuleka nchito. Makolo athu anaona kanthu pamenepo. Gonani kapena tsamirani monga thupi lilola, dzanja limodzi pa mimba. Kokani mpweya ndi mphuno mofatsa, mukuwerenga mumtima kufikira 4, ndipo mimba ikweze dzanjalo, mapewa ali chete. Pamenepo tulutsani pang'ono pang'ono, monga munthu wouzira phala la mwana, mukuwerenga kufikira 6. Chinsinsi chiri pa kutulutsa. Pakuti Mlengi anaumba thupi motero, kuti potulutsa mpweya mtima uchepetsa liwiro lache, ndipo kutulutsa kukatalika thupi limva kuti zoopsa zapita. Chitani chotero kakhumi, kapena kawiri kache. Wa mphumu ndi wa mtima asaumirize chiwerengero, ndipo asagwire mpweya m'chifuwa. Akhale tsonga, natulutse motalikitsa pang'ono kuposa umo anakokera, ndipo kwakwanira.

Lachiwiri ndi minofu. Dotolo wina wa ku Chicago, dzina lache Edmund Jacobson, anayesa minofu ya anthu ndi zipangizo zache, napeza kuti munthu wa nkhawa aumitsa minofu osadziwa, ngakhale ali gone. Ndipo kuti minofu ikamasuka, maganizonso achepa ukali. Anasindikiza njira yache m'chaka cha 1929, ndipo ena anaifupikitsa pambuyo pache kuti munthu wamba aikhoze. Iri yotere. Fumbatani dzanja lamanja, osati ndi mphamvu zonse, muwerenge kufikira 5, mukumva kuuma kwache; ndipo lekani kamodzi, dzanja ligwe ngati nsaru yonyowa, ndipo khalani kanthawi mukumvetsera kusiyana kwache. Pamenepo lamanzere. Pamenepo mikono, mapewa, kuwakweza kufikira ku makutu ndi kuwagwetsa, nkhope, kuikwinya ngati wadya ndimu ndi kuimasula, mimba, nchafu, ndi zala za ku mapazi. Musagwire mpweya poumitsa. Chiwalo chotupa, cha bala, kapena chowawa, muchilumphe. Mungochikumbukira mumtima potulutsa mpweya, ndi kuchileka chilemere pa mphasa. Ambiri adabwa pofika pa nsagwada, pakuti sanadziwa kuti akhala akukukuta mano usiku wonse. Tsiku loyamba kapena simudzaona kanthu. Ndi luso lofuna masabata awiri kapena atatu, ndipo muyambe kuliphunzira masana, pamene simuli kulimbana ndi tulo. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Lachitatu ndi mau amodzi. Dotolo wina wa mtima, Herbert Benson wa ku Boston, analemba m'chaka cha 1975 kuti munthu akakhala chete ndi kubwereza mau amodzi kapena pemphero lalifupi, ndi kubwerera kwa ilo mofatsa pamene maganizo asokera, mtima ndi mpweya ziyenda pang'ono, ndipo thupi lizizira ukali wache. Ife sitinadikira dotolo kuti atiphunzitse kupemphera. Komatu ndikondwera kuti iye anayesa ndi zipangizo chimene agogo athu anachidziwa ndi maondo. Pokoka mpweya nenani mumtima, Ambuye, potulutsa, ndisungeni. Zokhazo. Pemphero la pakati pa usiku lisakhale bwalo la milandu, lowerengera Mulungu ngongole ya feteleza, fizi ya ana, ndi machimo a unyamata; izo ziri ndi nthawi yache masana. Maganizo adzathawa ndithu, kakhumi kapena makumi awiri. Musadzikalipire, muwabweze monga mubweza mbuzi pa njira, ndi kupitirira. Ndipo mukagona pemphero lisanathe, musayese kuti mwachimwa. Kodi mai akwiya mwana akagona kumsana nyimbo isanathe?

Pali malangizo enanso amene dotolo wa za maganizo, Richard Bootzin, anawaika m'chaka cha 1972, ndipo aoneka ngati otsutsana ndi nzeru. Ati, tulo tikakana nthawi yaitali, musakhale pa mphasa mukulimbana. Dzukani, khalani pa mpando m'kuunika kochepa, ndipo mubwerere pamene zikope zalemera, kuti thupi lisazolowere kuyesa mphasa bwalo la nkhondo. Wosakhoza kudzuka angotsamira tsonga, naleke kuyesa. Atinso, ora lodzuka likhale limodzi masiku onse, ngakhale usiku unali woipa. Ine ndionjeza chimene mudziwa kale: wodwala atulutsidwe pa khonde m'mawa aothe dzuwa, pakuti kuwala kwa m'mawa ndiko kuuza thupi nthawi, agone masana pang'ono pokha, dzuwa lisanapendeke, ndipo foni ikhale kutali ndi mutu, pakuti kuyang'ana ora usiku ndiko kuthira nkhuni pa moto. M'chaka cha 2016 bungwe la madotolo la American College of Physicians linalangiza kuti pa kusowa tulo kokhalitsa, chithandizo choyamba chikhale cha mtundu uwu, cha kusintha mazolowezi ndi maganizo, mibulu idze pambuyo ngati ifunika. Tsono musayese kuti izi ndi njira za amphawi osowa mankhwala.

Koma alipo ena pakati pathu amene nthenda yao ya usiku iri ndi dzina lina. M'mwezi wa March 2023 namondwe Freddy anagwetsa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, kuno ku Mulanje, ku Phalombe, ku Blantyre ndi kwina, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko lathu. Kufikira lero alipo amene mvula ikayamba kugunda pa malata adzuka, nakhala tsonga kumvetsera mtsinje. Kwa otere kupuma ndi kumasula minofu kuthandiza pang'ono, koma sikukwanira. Afunika munthu wowamvera masana, wosafulumira kuwatonthoza ndi mau ambiri. Ndipo munthu akasowa tulo pamodzi ndi kusowa chilakolako cha chakudya, kulira kosadziwika chifukwa, kapena kunena za kudzichotsera moyo, musamsiye yekha, ndipo mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo. Imeneyo ndi nthenda monga shuga, ndipo iri ndi chithandizo.

Tsopano kwa ife amoyo wolimba. Tichezera odwala, ndipo nkwabwino. Koma tifika madzulo, khumi ndi awiri m'kachipinda kamodzi, tikhala kufikira mdima, tisimba za maliro a uje ndi umo anafera wina wodwala nthenda yomweyo, ndipo tichoka okondwa kuti tachita nchito ya Ambuye. Wodwalayo atsala maso ali tong'o. Ndinena ichi ndi manyazi, pakuti inenso ndachita chotero. Tipite m'mawa kapena masana, awiri kapena atatu, ndipo tisakhalitse. Ndi mapemphero a usiku wonse okhala ndi zokuzira mau, ndifunsa abale amene awakonda: kodi Mulungu ndi wogontha? M'mudzi womwewo muli wina amene wangopeza tulo patatha masiku atatu. Kumbukiraninso wodwazika. Kambiri ndi mwana wamkazi kapena mdzukulu, amene adzuka kasanu usiku, ndipo m'mawa apita kukathyola tiyi kapena ku sukulu. Mutu umodzi susenza denga. Amai a Mvano ndi akulu a m'dera apangane, kuti usiku umodzi pa sabata wina akagone kumeneko, wodwazikayo akagone kwina tulo tache tonse.

Kwa mai uja ndinabwererako patapita masabata atatu. Ku chipatala anali atamsinthira ora la mankhwala okodzetsa. Mdzukulu wache anali atapinda bulangeti lakale ndi thumba la madeya kumuikira kumsana, ndipo madzulo ali onse akhala pambali pache kumwerengera mpweya, kufikira 3 pokoka ndi 4 potulutsa, pakuti chifuwa chache sichilola kupitirira apo. Tiyi wa madzulo analeka, ngakhale anadandaula za ameneyo koposa zonse. Miyendo ikali yotupa, ndipo nthenda ya mtima siinachoka. Ndinamfunsa, Anganga, nanga tulo? Anati, Masiku ena ndifika tambala woyamba, aphunzitsi. Masiku ena ai. Koma ndikakhala maso sindiopanso kuti andikwiyira. Ndingonena mau anga awiri aja, ndi kumvera mwanayu akuliza mkonono. Ndipo potsazikana anandipempha kuti ulendo wina ndidzafike m'mawa, chifukwa madzulo iye ndi mdzukulu wache ali ndi nchito.